Funsani Aphunzitsi: Kodi nyimbo n'zokaphunzira ku yunivesite?

Mwezi uno ndasankha makalata atatu ochokera kuno kunyanja, onse okhudza maphunziro a nyimbo. Ndawafupikitsa pang'ono, ndipo mayina ndawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 18, ndili Fomu 4 kuno ku Khombedza m'boma la Salima. Ndimaimba aluto m'kwaya ya kutchalitchi kwathu kuyambira ndili Sitandade 6, ndipo aphunzitsi a kwaya akachokapo ndine ndimatsogolera anzanga. Solofa ndimawerenga koma movutikira. Ndinamva kuti ku yunivesite kuli maphunziro a nyimbo. Kodi n'zoona? Amafuna chiyani kuti munthu alowe, nanga zaka zonsezo ndikakhala ndikuphunzira chiyani poti kuimba ndimaimba kale? Anzanga akuti ndikangotaya nthawi.

YANKHO: Mwana wanga, n'zoona, ndipo ine ndinadutsa momwemo ndisanabwere kudzaphunzitsa kuno ku Nkhotakota. Ku Zomba, ku University of Malawi, imene enafe timangoitchulabe kuti Chanco ngakhale kuti kuchokera mu 2021 siitchedwanso Chancellor College, nyimbo zimaphunzitsidwa pamodzi ndi zisudzo ndi zojambula. Ku Thyolo nako, pa yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014, kuli digiri ya African Musicology, yomwe imayang'ana kwambiri nyimbo, magule ndi zoimbira za kuno ku Africa. Konse kuwiri digiri imatenga zaka 4.

Khomo lolowera ndi lomwe amalowera wina aliyense, mayeso a MSCE. Pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ntchito yosankha opita ku mayunivesite a boma imadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, choncho mapointi ako ndiwo adzakuyankhulire. Mawu ako okomawo pa fomu ya NCHE sadzamveka. Ndiye miyezi yatsalayi, ngati kwaya imakumana masiku angapo pa sabata, ukapemphe kwa akuluakulu kuti uzipita tsiku limodzi, masiku enawo ukhale pa buku. Chingerezi usachipeputse, chifukwa kumeneko ukalemba kwambiri kuposa mmene ukaimbire. Chidziwitso choitana ofuna malo chikatuluka, uchiwerenge wekha mzere ndi mzere, uone maphunziro amene pulogalamu iliyonse ikufuna chaka chimenecho, ndipo nyimbo uziike poyambirira ngati ndizo mtima wako ukufunadi. Usachite mantha kuti kusekondale sunaphunzire nyimbo m'kalasi. Sekondale zophunzitsa nyimbo m'dziko muno n'zowerengeka, ndipo ambiri amene udzakhale nawo chaka choyamba adzakhala ochokera m'makwaya ngati iwe.

Tsono tifike pa funso lako lenileni. Ndikuuze mosabisa: yunivesite siipatsa munthu mawu abwino, ndipo siitchukitsa munthu. Oimba ambiri amene umawamva pa wailesi sanalowepo m'kalasi ya nyimbo, ndipo ena mwa iwo ndi akatswiri enieni amene ine ndimawavulira chipewa. Chimene ukapeze kumeneko ndi kumvetsa zimene zikuchitika nyimbo ikamamveka, kudziwa kuzilemba kuti zisatayike, ndi kutha kuziphunzitsa kwa munthu amene alibe mphatso ngati yakoyo.

Amayamba ndi khutu. Mphunzitsi amagunda manotsi awiri pa piyano, iwe unene kuti atalikirana bwanji. Amaimba kachidutswa ka nyimbo kawiri kapena katatu, iwe ukalembe papepala osaona zala zake. Amakupatsa pepala la nyimbo imene sunaimvepo chibadwire n'kukuuza kuti uimbe pomwepo. Apa solofa yako yovutikirayo ikakuthandiza kwambiri. Munthu amene d r m f s l t zinakhazikika m'mutu mwake amamva msanga kuti apa nyimbo yakwera kufika pa s, apa yatsikira pa m, pamene mnzake amene sanaimbepo m'kwaya akungotong'ola maso. Koma solofa ili ndi polekezera pake. Oimba piyano, malipenga ndi zoimbira zina padziko lonse amawerenga staff notation, ya mizere 5 ija yokhala ndi timadontho, imene imaonetsa ndi maso kukwera ndi kutsika kwa nyimbo, kutalika kwa noti iliyonse ndi kiyi yeniyeni. Kwa ine ndi anzanga ochokera m'makwaya, mbali yaikulu ya chaka choyamba inathera pa kusamuka kuchoka ku solofa kupita ku mizere imeneyo, ndipo inali ntchito ya tsiku ndi tsiku, yosafuna kudumphitsa.

Kiyibodi nayo suizemba, ngakhale ndiwe woimba pakamwa. Anyamata ambiri oimba kiyibodi m'matchalitchi mwathu amadziwa kiyi imodzi yokha. Kwaya ikayambira pamwamba amangodina batani la transpose, zala n'kumayenda mmene zinazolowerera. Sindikuwanyoza ayi, amatumikira mpingo mokhulupirika, enanso anadziphunzitsa okha popanda wowalozera. Koma kusukulu batani limenelo silithandiza. Makiyi 12 a major ndi 12 a minor amayenera kulowa m'zala, iliyonse ndi kayendedwe kake.

Ukaphunziranso kulumikiza mawu anayi. M'makwaya mwathu nthawi zambiri aluto imangotsata sopulano cham'munsi, besi n'kumadumpha pakati pa d, f ndi s, tenala n'kumadzaza pakati. Zimakoma, ndipo ndi kaimbidwe kathu kamene sitiyenera kuchita nako manyazi. Kusukulu ukamva chifukwa chimene zimakomera, ndipo ukaona njira zina zambiri zimene mawu anayiwo angayendere popanda kupondana. Ukadziwa pamene mawu a mwana wa zaka 10 amalekezera, ndi pamene amalekezera a mayi wa ku Chigwirizano, kuti usamawasankhire kiyi yowasasitsa mawu pofika vesi yachitatu. Ine ndaona atsikana ambiri amene mawu awo anaonongeka chifukwa chokakamizidwa kukuwa pamwamba zaka ndi zaka, wotsogolera kwaya ali ndi mtima wabwino koma osadziwa. Zimandiwawa, chifukwa n'zopeweka.

Pali china chimene ambiri sitichiganizira. M'Chichewa, mphamvu ya liwu imagwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nyimbo zambiri za m'mabuku a kutchalitchi zinabwera ndi chuni cha ku Ulaya, chimene mzere wake umathera pa kugunda kwamphamvu. Ndiye poimba timakoka phatikizo lomaliza, limene polankhula sitilikoka n'komwe. Tinazolowera, sitidabwanso. Koma tamvetsera nyimbo ya pamtondo kapena ya chimtali, uona kuti chuni chimayenda mmene mawu amayendera pakamwa pa munthu wolankhula. Wopeka nyimbo amene waphunzira amazimva zimenezi, ndipo nyimbo zake anthu amazigwira msanga osadziwa chifukwa chake.

Apa ndipo pali chimene ndikufuna ukachigwire ndi manja awiri. Usakapite kumeneko ndi maganizo akuti nyimbo zenizeni ndi za pa piyano, za kwanu n'zakumudzi. Mbali yaikulu ya maphunzirowa ndi kufufuza nyimbo zathu, ndipo pamenepo mwana wa ku Khombedza ali patsogolo. Mphunzitsi akadzakutuma kuti ulembe mmene ng'oma ya mbalule imayankhulira pamwamba pa ya mpanje mu Gule Wamkulu, udzaona kuti mizere 5 ija yachepa. Ng'oma ina ikugunda katatu pamene inzake ikugunda kawiri pa nthawi yofanana, ndipo mbalule imatsata mapazi a wovina, siitsata pepala. Bangwe amaikunga mwini wake ndi khutu, ndipo manotsi ake ena amagwera pakati pa mabatani a piyano. Munthu amene anakulira mumzinda akhoza kuwerenga zimenezi m'buku n'kumasokonezeka, pamene iwe thupi lako limazidziwa kale, chatsala ndi kudziwa kuzifotokoza. Ndikudziwa kuti mipingo ina ndi gule sizimwerana madzi, ndipo sindikukutuma kudambwe. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005, ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Koma pali chimtali, chisamba, chiwoda cha amayi a kuno ku Nkhotakota, mganda ndi mabadza ake, beni, nyimbo zotonthozera mwana, ndi za asodzi pokoka khoka. Zonsezi zikudikira wozilemba.

M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey, wofufuza za nyimbo za mu Africa, anayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mawu, n'kujambula oimba bangwe, kaligo, sansi ndi magule osiyanasiyana. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Tithokoze kuti zinasungika. Koma dzifunse kuti m'mudzi mwanu lero atsala angati odziwa kukunga bangwe, nanga akadzapita ndani adzakhale atawajambula.

Ndiye ukangomaliza mayeso, yamba. Tenga foni, ngakhale yobwereka, upite kwa agogo odziwa nyimbo zakale, uwapemphe bwinobwino kuti uwajambule, ndipo akakana usakakamize. Ulembe m'kope tsiku, mudzi, mtundu wa nyimbo ndi nthawi imene imaimbidwa. Kenako uyese kuilemba m'solofa. Pamene solofa ikukanika, uike chizindikiro, chifukwa pamenepo ndi pamene padzakhale mafunso ako abwino ku yunivesite. Upemphenso amene amasunga kiyibodi ya kutchalitchi kuti azikulola mphindi 20 pa tsiku, ndipo uyambe ndi kiyi ya C, kenako G, kenako F, batani la transpose osalikhudza. Za anzako amene akuti ukataya nthawi, werenga yankho la kalata yotsatirayi.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimagwira ntchito m'minda ya nzimbe kuno ku Dwangwa. Mwana wanga wachisamba wasankhidwa kupita ku yunivesite, koma akuti wasankhidwira nyimbo. Ine ndinkayembekezera zaulimi kapena zachipatala. Ndili ndi ana ena anayi kumbuyo kwake. Kodi ndivutike ndi fizi kuti akaphunzire ng'oma, zimene agogo ake amaimba osapitako kusukulu? Akadzamaliza adzadya chiyani?

YANKHO: Bambo, choyamba ndikuyamikireni, chifukwa kuti mwana wochokera kuminda ya nzimbe afike posankhidwa, ndiye kuti kunyumba kunali womulimbikitsa. Funso lanu ndi la kholo lodziwa kulemera kwa ndalama, ndipo sindikuyankhani zongokusangalatsani. Ntchito za nyimbo sizili pambalambanda ngati za unamwino kapena za uphunzitsi wa masamu. Boma silitulutsa chaka ndi chaka mndandanda wa malo a anthu ophunzira nyimbo, ndipo mwana amene angadzakhale pansi kudikira kalata yoitanidwa ku ntchito adzadikira nthawi yaitali.

Koma anthu amene ndinaphunzira nawo, ndi amene ndawaona akutuluka pambuyo panga, sakugona ndi njala. Ena amaphunzitsa m'sukulu zomwe si zaboma ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene makolo amafuna kuti ana awo aphunzire piyano ndi gitala. Ena amaphunzitsa aphunzitsi a pulaimale m'makoleji, poti phunziro la Expressive Arts lili m'sukulu zonse za pulaimale ndipo nyimbo ndi mbali yake. Ena ali ku wailesi, ena ali ndi situdiyo zojambulira nyimbo, ena amatsogolera zamaimbidwe m'mipingo. Asilikali ndi apolisi ali ndi mabandi a malipenga amene amaimba mowerenga manotsi. Mabungwe amene amafalitsa mauthenga a kolera, malungo ndi zina amafuna anthu odziwa kupeka nyimbo ndi zisudzo zimene anthu akumudzi angazimve. Ambiri amaphatikiza ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi. Musaiwalenso kuti digiri ndi digiri. Pali ntchito zambiri zimene zimangofuna munthu wodziwa kufufuza, kulemba lipoti lomveka ndi kuyankhula pagulu, ndipo wophunzira nyimbo amachita zonsezi kwa zaka 4.

Mwanayo mumuuze zinthu izi asanakwere basi. Ngati pulogalamu yake ikulola kutenga phunziro lina pambali, monga zilankhulo kapena zauphunzitsi, alitenge ndipo alilimbikire. Aphunzire kujambula ndi kukonza mawu pa kompyuta, chifukwa ndiko kumene kukupezeka ndalama zofulumira masiku ano, kuyambira makwaya ofuna kujambula nyimbo zawo mpaka amalonda ofuna uthenga wa pa wailesi. Akayamba kupeka nyimbo akazilembetse ku COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito za anthu aluso ndi kuwatolerera ndalama nyimbo zawo zikamagwiritsidwa ntchito. Pa nkhani ya fizi, pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Alembe fomu nthawi yake isanadutse, ndipo adziwiretu kuti ndi ngongole, idzabwezedwa akadzamaliza.

Pa za agogo ake, mwanena zoona kuti amaimba osapitako kusukulu, koma musachepetse zimene amadziwazo. Donald Kachamba wa ku Chileka anaphunzira kuimba pakhomo, limodzi ndi mkulu wake Daniel. Mu 1999 anaitanidwa kukaphunzitsa ophunzira a pa University of California ku Los Angeles. Chimene chinatsegula njira imeneyo n'chakuti kuyambira mu 1967 Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wochokera ku Austria, anakhala akuyenda nawo, kujambula ndi kulemba za kaimbidwe kawo mpaka dziko linadziwa kuti ku Chileka kuli luso. Luso linali la kwathu konkuno, wolemba anachokera kutali. Mwana wanu akaphunzira ntchito ya wolembayo, ndipo munthu woyamba amene ayenera kukhala naye pansi ndi kope pa holide ndi agogo ake omwewo.

Ine ndikuti mloleni apite. Malo a ku yunivesite ya boma sapezeka wamba, ndipo mwana wokakamizidwa kuchita zimene mtima wake suli ndi amene amachotsedwa sukulu chaka chachiwiri chifukwa cholephera mayeso, ndalama zitapita kale. Koma musangomutaya. Semesita iliyonse azikuonetsani zotsatira, ndipo mumuuze poyera kuti azing'ono ake akumuyang'ana.

FUNSO: Aphunzitsi anzanga, ndimaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina ya pulaimale cha ku Mwansambo. Ndinapatsidwa Expressive Arts, ana ndi oposa 90, choimbira tilibe ngakhale chimodzi, ndipo ku TTC za nyimbo tinangolawako. Ndikufunitsitsa kuphunzira zambiri. Kodi munthu wa pantchito ngati ine angalowe ku yunivesite? Nanga padakali pano ndizitani?

YANKHO: Mayi, njira ilipo. Mayunivesite amakhala ndi khomo la anthu amene ali kale pantchito, lija amati mature entry, ndipo zofunika zake amazilemba m'chidziwitso chimene amatulutsa m'nyuzipepala ndi pa intaneti. Muzichiyang'anira, ndipo mapepala anu a MSCE ndi a ku TTC akhale okonzeka. Ngati chimene mukufuna kwambiri ndi luso la m'manja, monga kiyibodi, gitala kapena kuwerenga manotsi, ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy imene imaphunzitsa zimenezo. Anthu ngati inu, amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi yodzaza, amapindula kwambiri ndi maphunziro a kaphunzitsidwe ka nyimbo, chifukwa amapita ndi mafunso enieni.

Padakali pano musadikire piyano. Ana 90 ndi manja 180 ndi mapazi 180. Agaweni pawiri, gulu lina liziomba m'manja kawiri pamene lina likuomba katatu pa nthawi yofanana, kenako asinthane. Tsiku loyamba chikhala chisokonezo, koma pakatha masabata ochepa mudzamva kalasi yonse itagwirana, ndipo adzakhala ataphunzira maziko a magule athu ambiri. Zotsekera mabotolo zoboola n'kuzitunga pa waya zimakhala maseche. Chitini chokutira ndi chikopa kapena chubu chakale cha njinga chimakhala ng'oma. Chikho chouma, monga amachitira a mganda, chimakhala badza. Anawo apange okha, chifukwa kupangako nalonso ndi phunziro la Expressive Arts.

Poyambitsa nyimbo muzisamala kiyi. Ife akuluakulu timakonda kuyambira pamene pakutikomera ifeyo, ana n'kumavutika. Yambitsani, mumvetsere mzere umene uli pamwamba kwambiri, ndipo mukaona mitsempha ya m'khosi ikutuluka, imitsani muyambirenso cham'munsi. Mwana amene akuimba mosemphana ndi anzake musamuuze kuti akhale chete. Muikeni pakati pa awiri oimba bwino, ambiri amawongokera pomwepo. Kamodzi pa temu, kudzera kwa a komiti ya sukulu ndi amfumu, itanani mkulu wa mganda kapena mayi wotsogolera chimtali adzaphunzitse nyimbo imodzi ndi kufotokoza nthawi imene imaimbidwa, inu muzilemba. Ndipo mukapemphe ahedi kuti phunziroli aliike m'piriyodi yomaliza, muzikachitira panja pansi pa mtengo, kutali ndi kalasi ya Sitandade 8 imene ikukonzekera mayeso.